Supercharger pa pikapu: mmene mungadziwire ngati ikuyenerani musanatulutse ndalama

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amanyamula mbatatesi ku Tsangano ndi kuno ku Ulónguè kupita nayo ku Tete, pobwerera n'kusenza simenti, mchere ndi malata. Tsiku lina anatulukira pa galaja panga foni ili m'manja. Anandionetsa kanema wa pikapu ya ku America ikuliza mluzu pansi pa boneti, fumbi lili koboo kumbuyo.

"Amalume, chimene ndikufuna ine ndi ichi. Ndikangokhota pa Mussacama ndili ndi simenti, galimoto ikumakwawa ngati kamba. Mundiikire supercharger."

Ndinamupatsa mpando. Funsoli ndalimva kangapo kwa anyamata oyendetsa mapikapu, amene ena kuno amawatchula kuti makarinya, ndipo maganizo anga ndiwanene poyamba pomwe. Pa magalimoto ambiri oyenda m'misewu ya chigawo chathu cha Tete, supercharger ndi kutaya ndalama, pena ndi kupha injini imene imadyetsa banja. Ilipo galimoto imene ingapindule nayo, koma kuti mudziwe ngati yanu ili m'gulu limenelo, pali zoti muchite motsatana. Ndikuyendetsani mmene ndinamuyendetsera mphwangayo.

Dziwani kaye chimene mukufuna kugulacho

Amene anaonapo wosula makasu akupopa mvukuto wamvetsa kale theka la nkhaniyi. Moto umakula ndi mpweya. Injini nayo imapereka mphamvu molingana ndi mpweya umene yameza, chifukwa mafuta sapsa popanda mpweya. Supercharger ndi mvukuto wa injini: imakankhira mpweya wambiri m'masilinda kuposa umene injini ikanakoka yokha, kompyuta n'kuwonjezera mafuta, mphamvu n'kukwera.

Turbo imagwira ntchito yomweyo, kusiyana kwake n'kwakuti turbo imazunguliridwa ndi utsi wotuluka ku ekisozi, pamene supercharger imazunguliridwa ndi lamba wochokera ku pule ya injini. Ndiye kuti supercharger imayamba yadya kaye mphamvu ya injini yomweyo, kenaka n'kubweza yochuluka. Ubwino wake ndi woti imayankha nthawi yomweyo mukaponda, sidikira utsi.

Zilipo za mitundu itatu. Ya Roots ndi ya twin-screw zimakhala pamwamba pa injini ndipo zimakankha kuyambira injini ikuzungulira pang'onopang'ono. Ya centrifugal imaoneka ngati nkhono, ndipo mphamvu yake imabwera injini ikamalira kwambiri. Kwa munthu wonyamula katundu pa mtunda, ya centrifugal ilibe phindu, chifukwa inu mukufuna mphamvu pansi, osati pa liwiro.

Choyamba: tsegulani boneti muone injini yanu

Apa mpamene anthu ambiri nkhani yawo imathera. Ngati pikapu yanu ndi ya dizilo ya masiku ano, monga Hilux D-4D kapena GD-6, Isuzu D-Max, Ford Ranger kapena Land Cruiser ya V8 ya dizilo, ili kale ndi turbo. Mvukuto ulimo. Ngati ikufooka, turbo kapena china chake chikudwala, ndipo mankhwala ake si kumangirira mvukuto wachiwiri.

Ngati ndi dizilo yakale yopanda turbo, monga 3L ndi 5L za Hilux, kapena 1HZ ya malita 4.2 ya mu Land Cruiser, supercharger yopangidwira injini zimenezi simuipeza mophweka. Zimene anthu amaika ndi turbo, ndipo nayonso imafuna kudekha. 1HZ imapereka mphamvu ya makilowati (kW) 96 basi, koma imakhala zaka zambirimbiri chifukwa choti sikakamizidwa. Mukaipopera mpweya wambiri n'kutsegula pampu ya mafuta mosayeza kutentha kwa utsi, mapisitoni ndi mutu wa injini zimang'aluka.

Amene atsala ndi a petulo. Injini ya Toyota ya 4.0 V6, yotchedwa 1GR-FE, imene imapezeka mu Hilux zina, Prado, Fortuner ndi Land Cruiser 79, ndiyo imene makampani monga Magnuson ya ku America ndi Harrop ya ku Australia amaipangira supercharger yeniyeni. Toyota yomwe inayesapo: mu 2008 ku Australia inagulitsa TRD Hilux ya 4.0 V6 yokhala ndi supercharger. Injini wamba inkapereka 175 kW ndi mphamvu yokoka ya 376 Nm, ya supercharger n'kupereka 225 kW ndi 453 Nm. Sungani manambala amenewa, chifukwa akuonetsa zimene akatswiri a kampani yopanga injiniyo anaona kuti ingapirire. Mphamvu yokoka inakwera ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, osati kawiri monga amanenera anyamata pa Facebook.

Ndichenjezenso za timafani tamagetsi timene amagulitsa pa intaneti motchipa, amati supercharger yolumikiza ku batire. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Injini ya malita 4 ikamazungulira maulendo 5,000 pa mphindi imameza mpweya pafupifupi malita 10,000 pa mphindi imodzi. Kupanikiza mpweya wochuluka chonchi kumafuna makilowati oposa 10, pamene alitaneta ya pikapu imapereka kilowati imodzi kapena ziwiri. Kafani koteroko kamangotsekereza njira ya mpweya, ndipo phiko lake likathyoka limalowa mu injini.

Chachiwiri: funani kumene mphamvu yanu yathawira

Pamenepa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene pamabisala yankho la anthu ambiri. Galimoto imene mwini wake akuti ilibe mphamvu, kawirikawiri inali nayo, yangotayika pang'onopang'ono mwini wake osazindikira. Musanagule mphamvu yatsopano, bwezani kaye yanu yakale.

Yambani ndi sefa ya mpweya. Misewu ya fumbi ya ku Tsangano, Macanga ndi Chifunde imatseka sefa msanga kuposa mmene buku la galimoto limanenera. Itulutseni, muiyang'anitse ku dzuwa. Ngati kuwala sikudutsa, gulani ina. Kuimenyetsa pa tayala kapena kuipopera mphepo yamphamvu kumaboola pepala lake, fumbi n'kumalowa mu injini ngati mchenga wopalira. Kenaka sefa ya mafuta, makamaka ngati munathirako mafuta a m'zigubu. Pa injini ya petulo onani mapulagi, tsukani sensa ya mpweya imene ili pafupi ndi bokosi la sefa ndi mankhwala ake enieni, ndipo muyeze ngati pampu ya mafuta ikukankha mokwanira. Ekisozi nayo imatsekeka m'kati, pa kabokosi kosefa utsi kaja. Galimoto yotero imayamba bwino koma imabanika mukaponda kwambiri.

Pa dizilo ya turbo, yang'anani mapaipi a mpweya onse. Kamng'alu kakang'ono pa paipi ya intercooler, choziziritsa mpweya wopita mu injini, kamataya mpweya umene turbo yavutikira, ndipo chizindikiro chake ndi utsi wakuda ndi mafuta onyowetsa pamalo pong'alukapo. Mwaye umadzazanso njira ya mpweya pa valavu ya EGR, imene imabwezera utsi wina mu injini. Manozo opopera mafuta akatha amachititsa galimoto kumwa kwambiri koma osakoka.

Mukatero kwezani galimoto pa jeke, muzungulitse tayala lililonse ndi dzanja. Buleki yogwira imadya mphamvu mwakachetechete. Njira ina yodziwira ndi kuyandikiza dzanja pa limu iliyonse mukangoima pa ulendo: imene yatentha kuposa zinzake ili ndi mlandu. Yezaninso kalachi. Muli pa giya yapamwamba pa liwiro lochepa, pondani mafuta mpaka pansi. Ngati injini ikukwera kulira koma galimoto sikuthamanga mofanana, kalachi ikuterereka, ndipo supercharger ingaimalize m'sabata imodzi.

Matayala nawo. Ambiri amakonda kuika aakulu kuti galimoto ioneke yaulemu. Mukachotsa 265/65R17 n'kuika 285/70R17, tayala latalika ndi pafupifupi 7 pa 100 alionse, ndipo mphamvu yokankha pansi yatsika ndi muyezo womwewo pa giya iliyonse. Mwadzilanda nokha gawo lalikulu la zimene mukufuna kukagula kunja.

Galimoto ya mphwanga ija ndi Hilux ya petulo ya 2.7. Tinapeza sefa ya mpweya yolimba ngati njerwa, buleki ya kumbuyo kumanzere ikugwira, mapulagi atapsa mpaka kutha milomo. Tinakonza zonsezi tsiku limodzi.

Chachitatu: werengani matumba

Nditamufunsa mphwangayo kuti amakweza matumba angati a simenti, anayamba wayang'ana kumbali.

"Makumi atatu, amalume. Pena ndi asanu pamwamba."

Thumba la simenti ndi makilogalamu 50. Matumba 35 ndi makilogalamu 1,750, musanawerenge woyendetsa, wothandizira ndi amene akwera pamwamba pa katundu. Pikapu ya mtundu wa Hilux ya khebu imodzi inapangidwa kuti inyamule pafupifupi tani imodzi, ndiye kuti matumba 20. Ya makhebu awiri imanyamula zocheperapo. Za matumba a mbatatesi osokerera pamwamba aja sindinena, mukuwadziwa kulemera kwake.

Izi ndikufuna zimveke bwino: supercharger siwonjezera katundu amene galimoto inganyamule. Masipuling'i ndi omwe aja, ekiselo ndi yomwe ija, matayala, chesesi ndi mabuleki ndi zomwe zija. Chimene yasintha n'chakuti katundu wopyola muyezo uja tsopano akuthamanga. Ndipo msewu wathu uli ndi mbali ziwiri. Mtunda umene mukudandaula nawo pobwera ku Angónia ndi womwewo umene mumatsetsereka nawo mbatatesi ili pamsana. Galimoto imene ikuyenda pa 100 imafuna mtunda woposa kamodzi ndi theka kuti iime poyerekeza ndi imene ikuyenda pa 80. M'mbali mwa msewu umenewu mumayenda ana a sukulu, anjinga osenza makala, ng'ombe ndi ngolo. Ine ndaonapo zotsatira zake ndi maso anga, ndipo n'chifukwa chake sindiika mphamvu pa galimoto imene mabuleki ake sindinawakhulupirire.

Ngati vuto lanu ndi kuchuluka kwa katundu, mukufunika galimoto yaikulu, Canter kapena Dyna, osati mvukuto.

Chachinayi: ganizirani dziko limene galimoto imayendamo

Chigawo chathu chili ndi maiko awiri m'kati mwake. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, mamita osakwana 200 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mu October ndi November kutentha kumapyola madigiri 40. Kuno ku Angónia tili pamwamba, mamita opitirira 1,200, ndipo ku Tsangano n'kokwera kuposa pamenepo. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi pa 100 la mphamvu yake pa mamita 100 alionse amene yakwera, chifukwa mpweya umapepuka. Galimoto imene yanyamuka pa Moatize ili ndi mphamvu zake zonse imafika ku Ulónguè itataya gawo limodzi mwa magawo khumi kapena kuposerapo. Mphwanga sankanama kuti galimoto imafooka ikamakwera. Apa ndi pamene supercharger ili ndi mfundo yeniyeni, ndipo sindingaikane.

Koma tembenuzani ulendowo. Mpweya ukapanikizidwa umatentha. Supercharger yokankha 0.5 bar ikakoka mpweya wa madigiri 40 pa mlatho wa Samora Machel, imaufikitsa pafupi ndi madigiri 90 kapena 100 ngati palibe choziziritsa. Mpweya wotentha chonchi ukakumana ndi petulo wofooka, mafuta amaphulika okha nthawi isanakwane. Mumamva kuthetheka mu injini ngati chimanga chokazinga m'phale. Kuthetheka kumeneko ndi nyundo ikumenya pisitoni. Kompyuta imayesa kuteteza pochedwetsa moto, mphamvu imene munagula ija n'kuthawa; ikalephera, pisitoni imaboka kapena gasiketi ya mutu imapsa.

Ndiye dzifunseni moona: kodi mumathira kuti petulo? Supercharger imafuna petulo wosafulumira kuphulika yekha, wa octane yapamwamba, 95 kapena kuposa, nthawi zonse, osati pena ndi pena. Ngati ulendo wanu umakufikitsani kumidzi kumene bomba kulibe, n'kumagula wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, amene simudziwa kuti wakhala masiku angati padzuwa kapena wasakanizidwa ndi chiyani, lekerani pomwepo. Injini wamba imakhululuka botolo limodzi loipa. Ya supercharger yosenza simenti pa mtunda sikhululuka.

Palinso msampha wina umene ambiri saudziwa. Anthu amatengera galimoto ku Johannesburg kuti akaichunire kompyuta. Johannesburg ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,750, ndipo mpweya wake ndi wopepuka moti kumeneko amagulitsanso petulo wa 93. Galimoto yochunidwa mothina kumeneko ikatsikira ku Tete imameza mpweya wochuluka komanso wotentha kuposa umene wochunayo anauona. Wochuna aliyense muuzeni momveka kuti galimotoyo imagwira ntchito m'chigwa chotentha, itasenza, ndipo asiye mpata.

Chachisanu: khalani pansi ndi pensulo

Supercharger yeniyeni ya 4.0 V6, yokhala ndi intercooler ndi zonse, imagulidwa madola a ku America masauzande angapo. Titenge chitsanzo cha madola 6,000. Pa meticais pafupifupi 64 dola imodzi, ndi ndalama zoposa 380,000 meticais katundu asanakwere ndege kapena sitima. Onjezani zonyamulira, msonkho wa ku Alfândega ndi IVA ya 16 pa 100 alionse. Onjezani woika, wochuna kompyuta ndi ulendo wopita kumene ali. Onjezani kalachi yolimba, mwina ladiyeta yatsopano, mabuleki. Mukafika pamapeto mupeza kuti mtengo wa pa intaneti uja unali chiyambi chabe.

Tsopano lembani phindu limene limatsala pa ulendo umodzi mukachotsa mafuta, wothandizira ndi zolipira m'njira. Ngati, mwachitsanzo, mumatsala ndi 3,000 meticais, mukufunika maulendo oposa 120 kuti mubweze mtengo wa supercharger yokhayo, kunyumba osasiyako kanthu. Ndipo kodi ikubweretserani chiyani chowonjezera? Matumba ndi omwe aja. Mtengo wa mbatatesi pa msika ndi womwe uja. Mwina mwafika msanga ndi mphindi makumi awiri pa ulendo wa makilomita opitirira 200. Mafuta nawo: mukamayenda mopepuka pamalo athyathyathya kusiyana kumakhala kochepa, chifukwa pali valavu imene imalambalalitsa mpweya, koma mukaponda pa mtunda, mpweya wambiri umaitana petulo wambiri. Inu ntchito yanu ndi ya pa mtunda.

Ikani pambali pake njira zina. Kusintha magiya a mu difu, mwachitsanzo kuchoka pa 4.10 kupita pa 4.56, kumawonjezera mphamvu yokankha pa matayala ndi pafupifupi 11 pa 100, injini osaikhudza n'komwe. Kungoti pa msewu wa phula injini izilira mokwererako, ndipo pa 4x4 muyenera kusintha madifu onse awiri. Kubwerera ku matayala a muyezo wake n'kotchipa kuposa pamenepo. Njira yaikulu ndi kugulitsa ya petuloyo, kuphatikiza ndalama za supercharger zija, n'kugula ya dizilo ya turbo. Hilux 2.8 GD-6 yatsopanoko ya otomatiki imapereka 500 Nm, kuposa TRD ya supercharger ija, imamwa mochepa, ndipo turbo siifooka kwambiri ndi kukwera kwa dziko. Zipangizo zake mumazipeza ku Tete, ngakhale kutsidya kwa malire ku Dedza ndi Lilongwe. Lamba wa supercharger akaduka muli ku Furancungo, mukamupeza kuti?

Pogulitsanso galimoto musayembekeze kuti ndalama zija zibwerera. Wogula wa kuno akatsegula boneti n'kuona chinthu chachilendo, amayamba kutsitsa mtengo.

Ngati mwadutsa zonsezi ndipo mukufunabe

Tinene kuti muli ndi 4.0 V6 yabwino, simuipyoletsa katundu, mumakoka ngolo kapena mumayenda maulendo aatali okwera mapiri, petulo mumathira pa bomba lodalirika, ndipo ndalamazo sizichokera m'mphika wa ana. Apo supercharger ikhoza kukusangalatsani ndithu, galimoto imakwera mtunda osasakasaka magiya. Chitani motere.

Yezetsani thanzi la injini musanaitanitse kanthu. Makaniko ayeze kupanikiza kwa silinda iliyonse. Zisasiyane kupyola 10 pa 100. Injini ikulira, tsegulani chitsekero cha oyilo: ngati pakutuluka utsi mopuma ngati nthunzi ya m'poto, malingi a mapisitoni atha. Onani ngati imadya oyilo kapena madzi. Injini imene inawirapo n'kupsa gasiketi ndi yokayikitsa kale. Supercharger sichiza injini yotopa, imafulumizitsa maliro ake.

Gulani yopangidwira injini yanu ndi chaka chake chenicheni, yathunthu: supercharger, intercooler ndi pampu yake, manozo aakulu ngati akufunika, lamba, mabulaketi, magasiketi ndi pulogalamu ya kompyuta. Funsani wogulitsa ngati pulogalamuyo imagwira pa kompyuta ya galimoto yanu, chifukwa 1GR-FE ya mu Tacoma ya ku America ndi ya mu Hilux kapena Prado yochokera ku South Africa kapena ku Japan sizikhala ndi kompyuta yofanana, komanso zambiri za ku America zinapangidwira galimoto za chiwongolero cha kumanzere. Muuzeni nambala ya chesesi ndipo ayankhe molemba. Yogwiritsidwa kale ntchito, imene ilibe mabulaketi kapena pulogalamu, isiyeni ngakhale itchipe bwanji. Yopanda intercooler isafike ku Tete.

Pitani ku INATRO, bungwe la boma loona za magalimoto, mukafunse ngati kusinthaku kuyenera kulembedwa mu livrete, chikalata cha galimoto, kuti musakavutike pa kuyeza galimoto kapena pa malire a Zóbuè ndi Calómuè. A inshulansi auzeni molemba. Ngati galimoto ikadali pa chitsimikizo cha wogulitsa, dziwani kuti mukuchitaya.

Konzani zozizira ndi zoimitsa musanaike zothamangitsa. Ladiyeta itsukidwe kapena isinthidwe, themositati ikhalemo ndipo ikhale yabwino (chizolowezi chochotsa themositati chija chisiyeni), fani igwire bwino, ndipo muthire mankhwala oziziritsa, osati madzi a pa mjigo. Mabuleki akhale atsopano ndi mafuta ake omwe. Giyabokosi ya otomatiki muiikire koziziritsira oyilo kapadera.

Tsiku loika, sankhani malo otchingidwa, a simenti pansi, opanda mphepo ya fumbi. Tsukani injini kaye. Chotsani waya wa batire. Jambulani ndi foni paipi iliyonse ndi waya uliwonse musanazule. Mukangochotsa manifodi, imene imagawira mpweya ku masilinda, tsekani mabowo olowera mpweya ndi nsalu zoyera, ndipo muziwerenge kuti pochotsa zikwane. Kanati kamodzi kogwera mmenemo ndi injini yonse. Magasiketi akhale atsopano. Mabawuti amangidwe ndi sipanala yoyeza, motsatira manambala ndi dongosolo la m'buku la supercharger, osati mwa mphamvu ya mkono. Ikani mapulagi amene bukulo lanena, kawirikawiri ozizirirako ndi a mpata wocheperako. Lamba ayende mowongoka pa mapule onse. Akapendekeka pang'ono amadyeka m'mphepete n'kuduka. Madzi a intercooler atulutsidwe mpweya mpaka muone kuti pampu ikuwazunguliradi.

Pulogalamu ya kompyuta ilowe injini isanalizidwe. Manozo aakulu pa pulogalamu yakale amamiza injini ndi petulo, ndipo manozo akale pa mpweya wambiri amaiumitsa mpaka kusungunula pisitoni. Ikani mageji atatu pamene maso anu amafika: ya kupanikiza kwa mpweya, ya kutentha kwa madzi yoonetsa manambala, ndi yoonetsa kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo. Mukaponda mpaka pansi, yotsirizayi izionetsa pakati pa 11.5 ndi 12. Ikamakwera kupita ku 13 ndi 14 phazi lili pansi, chotsani phazi msanga.

Mukaliza koyamba, isiyeni itenthe ili poima, mukufufuza fungo la petulo, kudontha kwa madzi ndi mluzu wa mpweya wothawa. Masiku oyamba yendani opanda katundu, mawindo otsegula, wailesi yozima, khutu lili ku injini. Onjezani kuponda pang'onopang'ono. Mayeso enieni si a m'mawa wozizira wa ku Ulónguè ayi. Ndi a masana ku Moatize mu October, katundu ali pamsana. Mukamva kuthetheka kuja ngakhale kamodzi, bwererani kwa wochuna. Pakatha makilomita mazana angapo, onaninso lamba, mabawuti ndi madzi.

Kuyambira pamenepo galimoto yanu yasanduka yofuna chisamaliro. Oyilo muzisintha msanga kuposa kale. Sefa ya mpweya muziyang'ana mukangochoka mu msewu wa fumbi, chifukwa fumbi limapala mapiko a m'kati mwa supercharger. Masefa otseguka ooneka ngati chinanazi aja ndi a m'misewu ya kwina, kuno sungani bokosi lake la sefa. Supercharger ili ndi oyilo wakewake, musathiremo wa injini. Lamba wapadera azikhala kuseri kwa mpando pamodzi ndi sipanala yake. Zonse zimene mwachotsa pa injini zisungeni m'bokosi louma, tsiku lina mudzafuna kubwezera. Ndipo akadzabwera mnzanu n'kukuuzani kuti pule yaing'ono imawonjezera mphamvu, akunena zoona, koma imawonjezeranso kutentha, ndipo mpata umene wochuna anakusiyirani uja umathera pomwepo. Mukamabwereketsa galimoto kwa munthu, muuzeni za petulo musanamupatse makiyi.

Mphwanga sanafike n'komwe pa gawo limeneli. Titamukonzera sefa, mabuleki ndi mapulagi, ndinamupempha kuti ulendo umodzi wokha akweze matumba 20 aone. Anaimba foni ali pa Mussacama madzulo ake.

"Amalume, mwaikamo chiyani? Ndakwera ndi giya yachitatu pamene ndinkakwera ndi yachiwiri."

Ndinamuuza kuti sindinaikemo kanthu. Ndalama zimene ankasungira supercharger wazisiya ku banki, akuwonjezera pang'onopang'ono mbatatesi ikagulidwa bwino, ndipo sabata yatha anabwera kudzandifunsa zoyenera kuyang'ana pogula Canter yogwiritsidwa kale ntchito.